Kodi m'nyumba muno muli matenda?

Mayi anga adabwera kudzationa kuno ku Dedza boma mu Julayi chaka chatha, nyengo imene chisanu chimatsika m'phiri dzuwa likangolowa ndipo munthu safuna ngakhale kutulutsa dzanja m'bulangete. Tidawayalira kuchipinda cha ana, ndipo pofika 8 koloko adali atapemphera kale n'kugona, monga amachitira kumudzi kwathu cha ku Bembeke. Nthawi itapitirira 1 koloko usiku ndidamva chitseko chikutseguka pang'onopang'ono, kenaka adatulukira pabalaza atafunda nsalu kumutu. Adandiyang'ana ine, adayang'ana nyali, adayang'ananso foni imene idali m'manja mwanga, ndipo adafunsa motsitsa mawu kuti asadzutse ena: "Bambo, kodi m'nyumba muno muli matenda?"

Ndidawayankha kuti ayi, aliyense ali bwino. Adafunsanso ngati pali uthenga wa zovuta umene ndalandira ndipo ndikuopa kuwauza, ndipo nditakana, adaima kanthawi asanafunse funso lachitatu: "Nanga mukuchezeranji?" Funso limeneli ndidalibe yankho lake. Patebulo padali makope a ophunzira anga amene ndidanena madzulo kuti nditsala ndikuchonga, koma ndidali nditachonga atatu okha. Maola ena onsewo ndidawathera pa timavidiyo tatifupitifupi timene pofika m'mawa sindikadatha kufotokoza ngakhale kamodzi.

Kwathu mawu akuti kuchezera ali ndi kulemera kwake. Anthu amachezera pa siwa, abambo kunja atazungulira moto, amayi m'nyumba akuimba mpaka tambala alire. Amachezera podwazika matenda a kayakaya, amachezera pa mchezo wa ukwati, ndipo mlimi amachezera kudimba mbatata ikakhwima poopa akuba. Pa zonsezi chifukwa chake chimakhala chodziwika kwa mudzi wonse, wochezerayo kawirikawiri sakhala yekha, ndiponso kukacha palibe amene amamudabwa akamupeza atagona pansi pa mtengo. Nyali yoyaka m'nyumba ya munthu usiku utakula idali ngati uthenga kwa anansi, pakuti palafini wa m'koloboyi sadali woseweretsa, ndipo woiona ankadziwa kuti ayenera kukagogoda. Mayi anga adachita zimene adaphunzitsidwa. Chimene sadachidziwe n'chakuti masiku ano akuluakulu ambirimbiri, ophunzira bwino ndi a ntchito zawo, timachezera aliyense payekha, usiku ndi usiku, popanda maliro, popanda matenda ndiponso popanda wina wotikakamiza.

Sindikufuna kunamizira kuti makolo athu ankagona limodzi ndi nkhuku. Ndikukumbukira bwino macheza a pamoto, nthano za agogo ndi masewera a pabwalo mwezi ukawala. M'chaka cha 2015 gulu la akatswiri, limodzi ndi Jerome Siegel wa ku University of California, Los Angeles, lidafalitsa zimene lidapeza litayeza tulo ta anthu okhala kopanda magetsi: Ahadza a ku Tanzania, Asan a ku Namibia ndi Atsimane a ku Bolivia. Anthuwa sankagona dzuwa likangolowa; ankakhala maso maola pafupifupi 3 mdima utagwa, ankagona maola 6 mpaka 7, ndipo ambiri ankadzuka dzuwa lisanatuluke. Zimenezi zikufanana kwambiri ndi moyo umene ndidakulira. Kusiyana kwake ndi lero kuli pakuti madzulo a nthawi imeneyo adali ndi pothera. Nkhuni zikanyeka, moto unkazilala ndipo kuzizira kunkathamangitsira aliyense kumphasa. Nthano ikafika kumapeto, agogo ankaimirira n'kukutumula nsalu. Foni ilibe pothera potero, chifukwa kavidiyo kamodzi kakamatha kena kamakhala katayamba kale, ndipo amene adakonza zimenezi adachita dala kuti munthu asapeze mpata wodzifunsa ngati wakhuta.

Chizolowezi changa ndikutha kuloza pamene chidamera mizu. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kwa miyezi yambiri magetsi ankazima maola ochuluka. Kudera kwathu kawirikawiri ankabwera usiku, ndipo akabwera tauni yonse inkadzuka: owotcherera zitsulo ankayamba kuthetheka, zigayo zinkalira, ometa ankatsegula, ife m'nyumba tinkasita zovala ndi kutchaja mafoni. Podikira kuti foni idzaze ndinkaigwiritsa ntchito, ndipo popeza mabandulo a usiku ndi otsika mtengo kuposa a masana, ndinkadziona ngati munthu wosamala ndalama. Kuwonjezera pamenepo pali mpira. Masewera ambiri a Champions League amayamba 9 koloko usiku pa nthawi ya pakati pa Ulaya, zimene kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Malichi zimakhala 10 koloko kuno kwathu, kotero kuti wezulo yomaliza imalira pafupifupi 12 koloko. Ukabwerako kokaonera, mtima umakhala ukadali m'mwamba, ndipo m'magulu a pa WhatsApp mkangano umakhala utangoyamba kumene.

Zifukwa zonsezi n'zoona, koma ndiyenera kuvomereza kuti magetsi atayambiranso kukhazikika, ndiponso pa masiku opanda mpira, ndinkagonabe mochedwa chimodzimodzi. Akatswiri a ku yunivesite ya Utrecht ku Netherlands, motsogozedwa ndi Floor Kroese, adalongosola khalidweli m'chaka cha 2014 kuti ndi kulephera kupita kukagona pa nthawi imene munthu adafuna mwini, pamene palibe chilichonse chomuletsa. Tanthauzo limeneli lidandithandiza kusiyanitsa zinthu zimene ndinkazisakaniza. Mlonda wa pasitolo, namwino wa ntchito ya usiku, dalaivala wa thiraki amene akudikira pachipata cha Dedza, mayi wa khanda, ndi wamalonda amene amagona pamwamba pa matumba a mbatata pa lole yopita ku Lilongwe kapena ku Blantyre, onsewa sagona chifukwa moyo wawalanda tulo, ndipo nkhani ino sikuwanena iwo. Palinso odwala kusowa tulo, amene amapita kukagona pa nthawi yake koma amangotembenuka mpaka kucha. Awanso vuto lawo ndi lina ndipo lifunika chithandizo cha kuchipatala. Ine tulo tinkandipeza bwinobwino, maso ankayabwa, ndinkayasamula mpaka misozi, koma ndinkadziuza kuti mphindi 10 zokha. Akuluakulu adati zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo ife timaganiza kuti mwambiwu ukunena za ntchito yokha, pamene ngakhale kupuma munthu amatha kukuzengereza.

Funso la mayi anga lidakhala nane milungu ingapo, ndipo yankho loona limene ndidalipeza silidali foni. Ndine mphunzitsi pa sukulu ya sekondale yoyendera imene ili pa mtunda wa makilomita oposa 15 kuchokera pano. Kuyambira pamene ndatsegula maso mpaka pamene ana agona, palibe ora limene ndinganene kuti ndi langa. M'mawa ndine wa ophunzira ndi wa ahedi, masana ndine wa makomiti a kutchalitchi ndi a m'dera, madzulo ndine wa ana ndi homuweki yawo, ndipo pakati pa zonsezi foni imalira: mphwake wa uje wathamangitsidwa fizi, kumudzi feteleza sanakwane, kuchipatala kwagonekedwa m'bale amene afunika phala. Sindikudandaula za maudindo amenewa, chifukwa inenso ndidaphunzira ndi ndalama za amalume anga ndipo ndikudziwa kuti moyo wathu umaima chifukwa chothandizana. Koma nyumba ikakhala zii, chitseko chitakhomedwa, pamene palibe amene angagogode kapena kunditchula dzina, ndinkamva ngati ndabwezeredwa kwa ine mwini. Kupita kukagona pa nthawi imeneyo kunkaoneka ngati kuvomera kuti tsiku lonse latha osalawako ngakhale pang'ono. Ku China, kumene achinyamata ambiri amagwira ntchito maola ataliatali, khalidweli adalipatsa dzina lotanthauza kuchezera mobwezera, ndipo dzinali lidafala pa intaneti m'chaka cha 2020. Nditalimva ndidazindikira kuti si Dedza yekha, koma ndidadzifunsanso kuti wobwezeredwayo ndani, popeza ahedi, makomiti ndi achibale onse amakhala ali mtulo pamene ine ndikudzizunza.

Padali chifukwa china chachiwiri chimene chidanditengera nthawi yaitali kuti ndichivomere. Ndinkaopa mphindi zimene zimakhala pakati pa kuzimitsa nyali ndi kugona tulo. Pa mphindi zimenezo ndi pamene masamu a ndalama amabwera: malipiro amene amatha tsiku la 10 la mwezi, ngongole ya kubanki mkhonde, mtengo wa thumba la feteleza, denga la mayi limene likudontha. Ndi pamenenso ndinkakumbukira malemu bambo anga ndi mawu ena amene sindidawanene adakali moyo. Foni inkandithandiza kudumpha mphindi zimenezo, chifukwa ndinkaiyang'ana mpaka itagwa m'manja, n'kulowa m'tulo ngati munthu wokomoka, osadutsa m'maganizo ayi. Ndikukhulupirira kuti abambo ambiri amene ndimawaona ali pa intaneti 1 koloko usiku sakusangalala monga zimaonekera, koma akuthawa chete amene akuwadikira kuchipinda.

Vuto la kubweza nthawi usiku n'lakuti m'mawa wa kuno susuntha. Wotchi ya Malawi imayendera nthawi ya mzere wa madigiri 30 kummawa, pamene Dedza ali kupitirira madigiri 34, kotero kuti dzuwa lathu limafulumira kuposa wotchi ndi mphindi zoposa 15. Mu Novembala limatuluka cha m'ma 5 koloko, ndipo ngakhale mu Juni silichedwa kwenikweni kupitirira 6 koloko. Abale athu amene ali ku Cape Town wotchi yawo ndi yofanana ndi yathu, koma kumeneko mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 8 koloko madzulo, ndiye iwo akamacheza nafe 11 koloko usiku wawo umakhala udakali wanthete, pamene wathu wafika kale pakati. Kuno tambala akalira, tsache la aneba limayamba, mbaula iyenera kuyatsidwa, madzi osamba atenthe, ana adye, ndipo belu la sukulu limalira 7:30 osafunsa kuti mphunzitsi adagona nthawi yanji. Ine ndinkagona cha m'ma 12:30 n'kudzuka 5:15, ndiye kuti maola osakwana 5. Mabungwe a akatswiri a za tulo ku America adagwirizana m'chaka cha 2015 kuti munthu wamkulu afunika kugona maola 7 kapena kuposa usiku uliwonse. Pa sabata imodzi ndinkaperewera maola oposa 14, omwe ndi tulo ta masiku awiri athunthu. Ndinkabwereka kwa mawa ngati wotenga katapila, ndipo Loweruka ndinkayesa kubweza pogona mpaka 9 koloko, zimene zinkachititsa kuti Lamlungu usiku tulo tichedwenso kubwera, sabata yatsopano n'kuyamba ndi ngongole yakale.

Nditayamba kuwerenga za mmene thupi limayendetsera tulo, ndidapeza kuti zinthu zingapo zimene ndinkaziona ngati zazing'ono ndi zimene zinkandimanga. Munthu akakhala maso, mu ubongo mumachuluka mankhwala achilengedwe otchedwa adenosine, ndipo kuchuluka kwake ndi kumene timakumva ngati kulemera kwa zikope. Caffeine wa mu tiyi ndi khofi amatseka malo amene adenosine amagwirapo, kotero kuti kutopa kumakhalapo koma sikumveka, ndipo pamatenga maola pafupifupi 5 kuti theka la caffeine amene wamwedwa lichoke m'thupi. Kuno ku Dedza, m'miyezi yozizira, kapu yaikulu ya tiyi wa masamba ambiri ikatha nsima ya madzulo ndi chinthu chimene sitichiganizira n'komwe, ndipo ine ndinkamwa ziwiri. Kupatula apo thupi lili ndi wotchi yakeyake ya maola pafupifupi 24, imene kayendedwe kake adakafotokoza Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young pofufuza timantchentche ta pa zipatso, mpaka adalandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 2017. Wotchi imeneyi imakonzedwa ndi kuwala. Mdima ukagwa ubongo umatulutsa mankhwala ena achilengedwe otchedwa melatonin, amene amauza thupi kuti usiku wafika, ndipo kuwala kwamphamvu kwa madzulo kumachedwetsa uthengawo. Choncho munthu amene wakhala pansi pa babu lowala, foni ili pafupi ndi maso, tiyi ali m'mimba, akamanena kuti sakumva tulo sakunama, koma ndi iye mwini amene wazimitsa zizindikiro zonse zimene zikadamuuza kuti nthawi yakwana.

Chimene chidandiopsa kuposa zonse ndi kafukufuku wa ku University of Pennsylvania amene adafalitsidwa m'chaka cha 2003. Anthu athanzi adaloledwa kugona maola 6 okha usiku uliwonse kwa masiku 14, ndipo tsiku ndi tsiku ankayesedwa changu cha maganizo ndi kutchera khutu. Pofika kumapeto, kulephera kwawo kudafika pa mlingo wa munthu amene wachezera usiku umodzi kapena awiri osagona n'komwe, komabe iwo eni akafunsidwa ankanena kuti akungomva tulo pang'ono chabe. Apa ndi pamene pali msampha. Tonse amene timati thupi lidazolowera tikunena zoona pa mbali imodzi yokha: chimene chidazolowera ndi kamvedwe kathu, osati ubongo. Pakati pa abambo palinso kudzitama kwina kumene ndimakumva m'chipinda cha aphunzitsi, kwakuti mwamuna weniweni amagona maola 4, ndipo wogona msanga amasekedwa kuti akulamulidwa kunyumba. Kudzitama kumeneku n'koopsa m'dziko limene kafukufuku wa boma wa 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu aliwonse ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, pamene zikudziwika kuti kugona maola ochepa kwa nthawi yaitali kumayendera limodzi ndi matenda amenewa, a shuga ndi kunenepa kopitirira muyezo.

Kudziwa zonsezi sikudandisinthe nthawi yomweyo. Chimene chidandigwedeza chidachitika Lachinayi lina mu Novembala, nditaonera mpira usiku wapitawo n'kugona 1 koloko itadutsa. Ndidali pa njinga yamoto pa msewu wa M1, pamalo owongoka amene ndadutsapo kambirimbiri, dzuwa litayamba kale kutentha pamsana. Ndikukumbukira kuti ndidaona ana asukulu patsogolo akuyenda m'mphepete mwa msewu, ndipo chotsatira chimene ndikukumbukira ndi phokoso la miyala pansi pa matayala ndi kukuwa kwa mtsikana. Ndidali nditachoka pa tala. Ndidaigwira njingayo isanagwe, ndipo sindidagunde aliyense, koma mwana amene adali pafupi kwambiri adalumphira m'ngalande, makope ake n'kumwazikira m'fumbi. Sindidamve tulo tikubwera ndipo maso anga mwina sadatsekeke n'komwe. Pa liwiro la makilomita 60 pa ora, masekondi 3 ndi mamita 50, ndipo mamita amenewo njingayo idayenda popanda woiyendetsa. Ndidathandiza mwanayo kutola makope manja akunjenjemera, ndidapepesa, ndipo iye adangoti, "Zikomo, aphunzitsi," chifukwa adandizindikira.

Akatswiri a ku Australia adaonetsa m'chaka cha 1997 kuti munthu amene wakhala maso maola 17 amachita zinthu mofooka ngati amene ali ndi mowa wa 0.05 peresenti m'magazi. Kwa ife odzuka 5 koloko, maola 17 amakwana 10 koloko usiku. Ine sindimwa mowa, ndipo kwa zaka zambiri ndakhala ndikudzudzula anyamata a kabaza amene amakwera njinga atalawa, koma m'mawa umenewo kusiyana kwanga ndi iwo kudali kwakuti ine sindinkanunkha. Kuyambira tsiku limenelo ndidayamba kuona anthu ena amene ankalipira ngongole yanga popanda kuwafunsa. Ophunzira a pa phunziro loyamba ankalandira mphunzitsi wopsa mtima msanga, amene amalembetsa manotsi m'malo mofotokoza. Mwana wanga wamng'ono adaphunzira kusandifunsa mafunso m'mawa. Makope ankabwerera mochedwa, ena nditachonga molakwitsa.

Usiku wa tsiku lomwelo ndidawafotokozera mayi a kunyumba zonse, kuphatikizapo maganizo anga akuti usiku ndiyo nthawi yokhayo imene ili yanga. Adandimvetsera mpaka ndidamaliza, kenaka adafunsa modekha: "Bambo, inu mukuti usiku ndi nthawi yanu. Nanga yanga ine ndi iti?" Iwo amadzuka 4:30 kuyatsa mbaula, amakhala pa makina osokera tsiku lonse, akaweruka amaphika, amatsuka, ndipo amagona 9:30 chifukwa thupi lakana, osati chifukwa tsiku lawakwanira. Adandiuzanso kuti kawirikawiri ndikamalowa kuchipinda pakati pa usiku ndimawadzutsa, ndipo tulo tawo sitibwereranso msanga. Kwa zaka ziwiri ndinkaganiza kuti ndikudzimana ndekha, osadziwa kuti ora langa ndinkalidula pa tulo ta munthu amene alibe ora ngakhale limodzi.

Zimene tidasintha tidazisintha awiri. Chachikulu sichidali chokhudza usiku konse, koma masana. Ndidatula pansi udindo mu komiti imodzi mwa zitatu, zimene sizidakondweretse ena, ndipo ndidaika ora la pakati pa 4:30 ndi 5:30 madzulo kuti likhale langa poyera, aliyense akudziwa. Masiku ena ndimayenda wapansi kulowera kumunsi kwa phiri, kumene kuli mitengo ya paini, masiku ena ndimakhala pa bawo, ndipo ena ndimangowerenga pakhonde foni itazimitsidwa. Lachiwiri ndi Lachisanu ndimatenga ine ana ndi ntchito za madzulo kuti mayi a kunyumba nawonso akhale ndi nthawi yawo, ngakhale kuti pamenepa sitinafike pa chilungamo chenicheni, chifukwa masiku awiri pa sabata sangafanane ndi asanu. Ndidapeza kuti tsiku limene ndalawako nthawi yanga dzuwa lisanalowe, dzanja silifunafuna foni usiku ndi njala imene linali nayo kale.

Zina n'zazing'ono ndipo sizifuna kufotokoza kwambiri. Foni imagona pabalaza, ndipo ndidagula wotchi ya belu pamsika kuti ndisamanene kuti ndikuifuna pondidzutsa. Belu lomwelo ndimalitchera 9:30 usiku kuti lindiuze kuti ndiyambe kutseka tsiku. Tiyi ndimalekeza 3 koloko masana, ndipo kukazizira ndimamwa madzi otentha a mandimu. Mpira ndimasankha masewera amodzi pa sabata, ndipo Loweruka ndi Lamlungu ndimadzuka pafupifupi nthawi yofanana ndi masiku ena n'kutuluka panja, popeza kuwala kwa m'mawa ndi kumene kumabwezera wotchi ya thupi pamalo pake.

Milungu iwiri yoyamba idali yowawa, ndipo ndi imene ndikufuna kuti aliyense woyesa aidziwiretu. Ndinkagona 10 koloko n'kukhala maso mumdima, ndikumva mathiraki akukwera mtunda pa M1 ndi agalu akuyankhizana, ndipo maganizo onse amene ndidawathawa kwa zaka ziwiri adabwera pamodzi. Usiku wina ndidalira chifukwa cha bambo anga, chinthu chimene sindidachite ngakhale pa maliro awo, pamene ndidali wotanganidwa ndi bokosi, galimoto ndi ufa wa anamfedwa. Za ndalama ndidazipezera njira ina: tikatha kudya ndimatenga kope n'kulemba zonse zimene zikundidetsa nkhawa, pambali pake n'kulemba chimene ndingachite mawa, ngakhale chitakhala chongoimbira munthu foni kumupempha kuti adikire kumapeto kwa mwezi. Ngongole sizichepa chifukwa chozilemba, koma zikakhala papepala sizibweranso kudzandiwerengetsa pa pilo. Patapita mwezi ndidayamba kulota maloto amene ndinkawakumbukira, ndipo ndidamva pambuyo pake kuti tulo ta maloto timachuluka m'maola omaliza a tulo tokwanira, ndiye gawo lomwe ndinkalidula tsiku ndi tsiku.

Mnzanga wina wa kuntchito nditamufotokozera adandiyankha kuti iye amakhala m'nyumba ya zipinda ziwiri ndi anthu 7, ndipo masana amagulitsanso pa kagolosale kuti malipiro akwane, choncho ora la madzulo limene ndikunenalo alibe poti alitenge. Sindidamutsutse, chifukwa akunena zoona, ndipo ndikudziwa kuti kutula udindo wa komiti n'kosavuta poyerekeza ndi kutseka golosale. Chokhacho chimene ndidamupempha n'chakuti asiye kunena kuti thupi lake lidazolowera, ndipo asamakwere njinga m'mawa wa tsiku limene wagona maola 4. Mkazi wake adamuuzanso kuti amaliza mkonono kwambiri ndipo nthawi zina amaleka kupuma ali mtulo, ndiye ndidamulimbikitsa kuti zimenezo akazinene kuchipatala, pakuti ndi matenda odziwika amene amakhudzanso kuthamanga kwa magazi.

Pakali pano, pa masiku 7 a sabata ndimakwanitsa kugona nthawi yake masiku 5, nthawi zina 6, ndipo ndaona kuti usiku umene ndimalephera umatsatira tsiku limene ora langa lamadzulo ladyedwa ndi zina. Lachinayi lapitali msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi udatha mochedwa, kuchokera pamenepo ndidapita kukapepesa maliro kwa aneba, ndipo ndidafika kunyumba mdima utagwa. Belu la 9:30 lidalira, ndidalizimitsa, n'kukhalanso pampando foni ili m'manja, ndipo pamene ndinkalowa kuchipinda, nsapato zili m'manja kuti ndisadzutse munthu, wotchi inkati 12:40. Kutacha njinga ndidaisiya m'nyumba, ndidauza mayi a kunyumba chifukwa chake, ndipo ndidapita pa siteji kukadikira minibasi.